Pano Sitifunsa

Ku Area 2, kuseri kwa mzere wa atelala ndi okhoma zidebe, kuli kanyumba ka malata kopanda chikwangwani. Anthu amangoti kwa Anaphiri. Mukakaona simunganene kuti n'kanthu: mabenchi otha, chinsalu chotchinga kukhitchini, ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo. Koma ine ndikadutsa pamenepo ndimachepetsa liwiro, chifukwa zimene zimachitika m'kanyumbako sindinazionepo kwina mu Lilongwe muno.

Nkhani yake ndi iyi. Msilamu aliyense wa mu Old Town akapatsidwa nyama ndi munthu wa chipembedzo china, asanasambe n'komwe m'manja amafunsa kuti, "Kodi ndi yozinga?" Apo akufunsa ngati nyamayo anaidula pakhosi ndi Msilamu mnzake, atatchula dzina la Mulungu. Si chipongwe ayi, ndi chikhulupiriro chake. Amafunsa paukwati, amafunsa pamaliro, amafunsa pa kanyenya wa m'mbali mwa msewu. Koma kwa Anaphiri safunsa. Amangolowa, kukhala pabenchi, kusamba, kudya. Chonsecho mwini malo ndi Mkhristu weniweni, mayi wa Chigwirizano, woimba sopulano yoboola denga.

Dzina lawo la ubatizo ndi Eveless. Anabadwira kumudzi wina kupitirira Mitundu, kumene nkhuku iliyonse inkadziwika ngati munthu: ija yamawangamawanga yoikira pansi pa nkhokwe, tambala uja wakuba mphale, msoti uja wotsimphina. Kumeneko nkhuku sinkafa chisawawa. Inkafera mlendo, wodwala, kapena Khirisimasi, ndipo aliyense pakhomo ankadziwa kuti lero tadya iti.

Ali mtsikana anabwera m'tauni kudzaphika ku Area 10, kunyumba ya mpanda wautali. Pageti panali mlonda wina wamtali, wokonda kuseka, dzina lake Davison, amene pambuyo pake anadzakhala mwamuna wawo. Kukhitchini kunali firiji yogona, yaikulu yoti munthu n'kugonamo atatambasula miyendo. M'menemo munkakhala nkhuku zouma gwa, zopanda mutu, zopanda zipalapasiro, zokulungidwa m'mapulasitiki. Eveless ankatulutsa, kusungunula, kukazinga. Zotsala patebulo ankazikhuthulira m'bini, ndipo poyamba mtima unkawawa, kenako unazolowera.

Amene anawasokoneza anali Lisa, mwana wa abwana. Anabwera kuholide atasiya kudya nyama, makolo ake akuti ndi matenda a sukulu. Tsiku lina anaima pakhomo la khitchini, akuyang'ana nkhuku ili pathabwa, n'kufunsa kuti, "Anti Eve, nkhuku iyi yachokera kuti?"

"Mufiriji," anatero Eveless.

"Isanalowe mufiriji? Inakhala moyo wotani? Anaipha ndani?"

Eveless anaseka mpaka misozi. Ana a ku mayadi, abale inu! Nkhuku nayonso ikhale ndi mbiri? Koma kusekako kutatha, funsolo linatsala. Mwana wa ku Mitundu, amene ankadziwa nkhuku ndi mayendedwe ake, anali ataphika nkhuku zosawerengeka osadziwa ngakhale mtundu wa nthenga za imodzi. Sanasiye kudya nyama ngati Lisa, iwo si a zimenezo. Anangolumbira chamumtima kuti akadzakhala ndi khitchini yawoyawo, sadzaphika chinthu chimene sangathe kunena kumene chachokera.

Ndipo anachitadi. Atatsegula kanyumba kaja, masamba ankagula kwa azimayi a kumadimba amene amawadziwa mayina ndi midzi yawo. Nkhwani panthawi ya nkhwani, chisoso ndi bonongwe mvula ikagwa, mfutso m'chilimwe. Wofuna ndiwo imene nthaka sinapereke mwezi umenewo ankauzidwa kuti adikire, Mulungu sanaiwale. Nkhuku zinali zachikuda zokhazokha, zobwera zamoyo m'dengu panjinga, ndipo zinali zochepa. Zikatha zatha, wochedwa adye nyemba.

Koma masiku oyambawo mabenchi ankakhala ndi mphepo yokha. Atelala ankadutsa pakhomo, kununkhiza, kumeza malovu, n'kupitirira. Ambiri a mumzere umenewo ndi Asilamu, ndipo Eveless sankadziwa chimene akulakwa. Ndiye tsiku lina kunabwera bambo wina wamfupi, wa kandevu koyera, manja ake akuda ndi malata. Anali Che Mikaili, wokhoma mbaula ndi zidebe kumapeto kwa mzere.

"Anaphiri," anatero, "fungo lanu likutizunza. Mawa nkhuku zanu musazikhudze, mundidikire."

M'mawa mwake, atachoka kumzikiti, anafika ndi kansalu kokulunga. M'menemo munali mpeni ndi kakapu ka chitini kamene anakhoma yekha. Eveless ankaganiza kuti kupha nkhuku amakudziwa, si anakulira kumudzi? Koma zimene anaona kuseri kwa kanyumbako zinawatseka pakamwa. Che Mikaili anayamba wanola mpeni kutali, atafulatira dengu, kuti nkhuku zisaone. Anatenga imodzi, dengu n'kuliphimba ndi chiguduli kuti zinzake zisaonerere. Anaimwetsa madzi m'kakapu kaja, akuisisita pamsana mpaka inasiya kunjenjemera. Kenako anayang'ana kumpoto, ananong'ona kuti "Bismillahi, Allahu Akbar," ndipo dzanja linadutsa kamodzi kokha. Atatero anakhala chete, ataigwirabe, mpaka moyo unatheratu.

Eveless anachita mantha, mantha aja amene munthu amamva akalowa m'tchalitchi muli zii. Anafunsa kuti zonsezi n'zachiyani pa nkhuku chabe.

"Moyo si wathu, Anaphiri," anatero Che Mikaili akutsuka mpeni. "Timachita kupempha kwa mwini wake. Ndiye mukapempha chinthu, musachizunze, ndiponso musachitaye."

Malipiro anakana. Anangolandira tiyi ndi mbatata, ndipo zinakhala choncho m'mawa uliwonse. Masana a tsiku lomwelo Che Mikaili analowa, anakhala pabenchi, anadya nkhuku atelala akuonerera pazenera. Mawa lake mabenchi anadzaza. Poyamba ankafunsabe, mwa chizolowezi. Kenako mmodzi anasiya, wina anasiya, mpaka funso lija linafera pakhomo. Zaka zinapita, Eddie mwana wa Anaphiri anamera ndevu, a Davison anapuma ntchito ya ulonda n'kuyamba kuthandiza kutunga madzi ndi kugula makala. Dzina lakuti Eveless linatsala m'buku la kutchalitchi. Ndipo Anaphiri, amene analibe galimoto kapena nyumba ya mpanda, ankadziwa kuti chuma chawo chonse ndi chimenechi: anthu opemphera mosiyana nawo amadya m'manja mwawo osafunsa.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linayamba ndi kudikira. Nkhuku zinafika, dzuwa linakwera, Che Mikaili osaoneka. Mumzere munali zii, nyundo osamveka, makina osokera osalira. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anabwera atagwira pakamwa: Che Mikaili atisiya m'mamawa womwewu, anangoti mutu, mutu, basi.

Anaphiri anamanga chitenje, anauza amuna awo kuti ayang'anire nyemba pamoto, n'kuthamangira ku Mchesi kunyumba ya maliro. Analira pakati pa azimayi ofunda kumutu ngati m'bale, ndipo palibe anadabwa. Asilamu sagoneka maliro, mwambo unali woti aikidwe tsiku lomwelo dzuwa likapendeka. Akutuluka, Twahir mwana wa malemu, telala wa mumzere womwe uja, anawakokera pambali, maso ali psuu.

"Mayi, abale a bambo akubwera kuchokera ku Salima, ndipo abwerera lero lomwe. Pano mwaona nokha, nyumba ndi yochepa, amayi sangathe kanthu. Tikachoka kumanda ndibwera nawo kwanu, adye asanakwere basi. Bambo akanafuna choncho. Wozinga nkhuku nditumiza."

Inu, ulemu wake! Anaphiri anabwerera akuyenda ngati anyamula dzira. Atafika anapeza nkhuku zazingidwa kale, zasosoledwa, zadulidwadulidwa bwinobwino m'beseni, a Davison akutsuka mbale uku akuimba mluzu. Anaphiri anati mumtima, Twahir ndi mwana wolongosoka, pachisoni chonsechi wakumbukira. Sanafunse kanthu. Anangoyamba ntchito.

Anaphika tsiku limenelo ngati akuphikira Che Mikaili mwini wake. Nkhuku yachikuda ndi yolimba, imafuna kuipirira, ndipo anaipirira mpaka inafewa, msuzi uli psuu ndi tomato wa kudimba. Anaphika mpunga wa kilombero. Nyemba zinapsa, nkhwani anatendera. Fungo linafika mpaka kudepoti ya mabasi.

Alendo anafika fumbi la kumanda lili kumapazi, azibambo a zisoti zoyera ndi mikanjo, otopa, anjala. Anadzaza mabenchi, ena anakhala pa zidebe. Pakati pawo panali gogo wina wamtali wa ndodo, mkulu wake wa malemu. Anaphiri ali kuseri kwa chinsalu anayala mbale, anaika mpunga, anathira msuzi pa mbale yoyamba. Akutapa wachiwiri anafunsa amuna awo, mongocheza:

"Abambo a Eddie, Twahir anatuma ndani kudzazinga? Ndimupatse mbale yake payekha."

A Davison anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wakhala akudikira kuyamikiridwa.

"Sanabwere munthu, amake Eddie. Ndinadikira, ndinadikira, ndinaona kuti nthawi ikutha. Ndazinga ndekha. Musade nkhawa, ndachita zonse monga ankachitira mdala uja. Mpeni ndinanolera kutali, dengu ndinaphimba, madzi ndinazimwetsa. Kumpoto ndinayang'ana."

Chipande chinaima m'malere.

"Nanga mawu aja?"

"Aa, Chiarabu ndingachithe ine? Ndinati m'dzina la Atate, ndi la Mwana..."

Mayo ine! Anaphiri anabweza chipande mumphika. Munthu wosalakwa mtima, wofuna kuthandiza, amene kwa zaka zonsezi ankaonerera Che Mikaili mwaulemu mpaka kuloweza kayendedwe ka dzanja lake, anali atawaphera tsiku. Kuzinga zina kunali kosatheka: ogulitsa nkhuku anali atabwerera kumidzi, alendo anali atasamba kale m'manja, basi ya ku Salima siidikira munthu.

Nthawi yomweyo kunja kwa chinsalu kunamveka mawu a gogo uja, okhuthala, a munthu wachilendo pamalopo.

"Twahir, mayi ameneyu si wa kutchalitchi? Nyamayi ndi yozinga?"

"Abambo aakulu," anayankha Twahir, "pano sitifunsa."

"Safunsa anadya phula, mwana iwe."

"Kwina konse funsani. Pano bambo ankadya tsiku lililonse. Pano sitifunsa."

A Davison anamva, ndipo kumwetulira kuja kunazima. Anayandikira akazi awo n'kunong'ona: "Amake Eddie, ndalakwa, ndaona. Koma taganizani. Adziwa ndani? Mulungu si mmodzi yemweyo? Alendo a maliro, ochokera kutali, muwapatse masamba ngati mbuzi? Mwanayu mumuchititsa manyazi pamaso pa abale ake."

Ndipo sankanama. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka amadya nkhuku. Kumuikira nyemba ndi nkhwani munthu amene wangoika m'bale wake m'manda, fungo la nkhuku lili m'mphuno mwake, ndi chipongwe choti n'kukasimbidwa ku Salima mpaka zidzukulu. Ndipo Anaphiri akanena zoona, mawa atelala adzati chiyani? Adzati kwa Anaphiri nakonso zimachitika, tiyeni tizifunsa. Chuma chija chikanathera pomwepo. Akakhala chete, aliyense adya, ayamika, akwera basi, ndipo dzina lawo likwera kuposa kale. Odziwa anali awiri okha, ndipo onse amagona nyumba imodzi.

Anaphiri anayang'ana mphika. Anaona kandevu koyera kaja, dzanja likusisita nkhuku pamsana. Kaya Mulungu analandira pemphero la a Davison kapena ayi, iwo sankadziwa, ndipo sanali shehe kapena m'busa woti aweruze. Chimene ankadziwa n'chakuti anthu ali pabenchiwo anasiya funso lawo m'manja mwa iwo, ngati mmene munthu amasiyira mnzake kiyi wa nyumba.

Anaika pambali mbale ija inathiridwa msuzi. Anayang'anitsitsa kuti chipande cha nkhuku sichinalowe mu nyemba. Anapukuta manja pachitenje, anakankha chinsalu, anagwada pakhomo la khitchini monga amachitira mayi polankhula ndi akuluakulu.

"Pepani azibambo. Pepani Twahir mwananga. Agogo afunsa bwino. Nkhuku ya lero si yanu. Wozinga sanabwere, ndiye tazinga tokha. Ine ndadziwa mochedwa. Chimene ndingakupatseni ndi mpunga, nyemba ndi nkhwani wotendera. Zimenezo sizinakhudzane ndi nyama."

Anati tazinga, sanati wazinga. A Davison kuseri kwa chinsalu anagwira kumaso.

Twahir anazyolika, makutu akumuyaka, pakuti apo ndi pamene anakumbukira kuti sanatume munthu. Ena anayang'anizana. Kumbuyo, telala wina wachikulire wa mumzere uja, amene anabwera nawo, anatsonya. Anaphiri anakhalabe chogwada, mawondo akuwawa pasimenti, akumva ngati zaka zonse zija zikutuluka pakhomo chimodzichimodzi.

Gogo uja anawayang'ana nthawi yaitali, chibwano chili pa ndodo.

"Mayi, tikanadya tikanadziwa?"

"Simukanadziwa."

"Nanga mwaneneranji?"

"Chifukwa mwanayu wati pano simufunsa."

Gogoyo anachotsa chibwano pa ndodo, anatembenukira kwa Twahir.

"Mng'ono wanga ankakhala pati?"

Twahir analoza kumapeto kwa benchi, pafupi ndi zenera. Gogoyo ananyamuka pang'onopang'ono, anakakhala pamenepo, anaika ndodo pansi.

"Bweretsani nyembazo, mayi."

Anadya. Ine amene ndikukuuzanizi ndaonapo maphwando a ku City Centre, a nyama zosefukira m'mbale, koma sindinamvepo za chakudya chimene chinadyedwa mwaulemu ngati nyemba zimenezo. Gogo uja anapempha nkhwani wowonjezera, anafunsa kuti nsinjiro zake n'za kuti, anauzidwa dzina la mayi wa ku Mitundu amene analima mtedzawo, anagwedeza mutu. Atatha anasamba, anapemphera chamumtima manja ali m'mwamba, n'kutuluka kupita kudepoti.

Nkhuku ija sinatayidwe. Moyo wopempha sautaya. A Davison anasenza mphika wonse pamutu, munthu wamkulu ndi imvi zake, kukapereka kwa onyamula katundu a pamsika, amene anadya mpaka kunyambita zala, akudalitsa maliro a munthu amene sankamudziwa. Pobwera anakwecha mphikawo ndi mchenga mpaka unawala, osatumidwa ndi munthu.

Koma Anaphiri mtima sunakhale pansi. Gogo wa ku Salima wapita kwawo, nanga a mumzere muno? Nkhani inali itafika kale kwa telala aliyense ndi wokhoma zidebe aliyense. Masiku a chisoni anatsatira, mumzere munali anthu ochepa, ndipo Anaphiri anangophika nyemba ndi masamba, osagula nkhuku, chifukwa wozinga analibe.

Kenako m'mawa wina, atangotsegula, anaona Twahir waima pakhomo ndi kansalu kokulunga. Anakadziwa kansaluko asanakatsegule. Munali mpeni uja ndi kakapu ka chitini.

"Mayi, itanani wa nkhuku uja. Kuyambira lero ndizibwera ine. Dzanja langa ndi la singano, koma bambo anandiphunzitsa."

Nkhuku zitafika, anapita kuseri. Twahir ananola mpeni atafulatira dengu. Atatenga nkhuku yoyamba anaona kuti manja awiri sakukwanira, pakuti anali asanazolowere, ndipo anayang'ana a Davison amene anaima patali ngati mwana wolakwa.

"Bambo, tandithirirani madzi m'kapumu. Inu mumadziwa mmene ankachitira."

A Davison anathira madziwo, anagwada, anaimwetsa nkhukuyo. Mawu anatchula ndi Twahir.

Masana anakwana. Anaphiri anaima kuseri kwa chinsalu, chipande m'manja, akumvetsera. Anamva nyundo zikusiya kulira, makina akuima, mapazi akubwera. Anamva mabenchi akulira, ndowa ya madzi ikugubuduka, wina akudandaula za kutentha, wina za ulusi umene wasowa m'mashopu. Anatulutsa mbale yoyamba, ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, n'kuiika patsogolo pa telala wina wachikulire, yemwe uja anatsonya tsiku la maliro. Anaima pomwepo, akudikira funso.

Telalayo anakokera mbale pafupi, anati "Bismillahi," n'kuyamba kudya.

Anaphiri anabwerera kukhitchini, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutapa mbale yachiwiri. Palibe anafunsa.